Phiri Likasuntha, Munthu Agwire Chiyani?

Kwa ife okhala m'munsi mwa Soche, phirili lili ngati gogo wa pakhomo: salankhula zambiri, koma aliyense amadziwa kuti alipo. Wa ku Zingwangwa, wa ku Chilobwe, wa ku Manja, wa ku Chimwankhunda, akatsegula chitseko m'mawa, asanaone nkhope ya mnansi wake waona kale phiri. Maboma abwera n'kupita, kwacha yasintha nkhope kangapo, mafakitale ena amene adalera makolo athu adatsekedwa, koma phiri lili pomwepo. N'chifukwa chake mlaliki akamati Mulungu ndi thanthwe, ife sitinkasowa womasulira. Tinkangosuzumira pawindo la tchalitchi n'kuona chimene akunena.

Kenaka thanthwelo lidayenda.

Namondwe wa Freddy adabadwira kutali, kufupi ndi Australia, kumayambiriro kwa Febuluwale 2023. Adaoloka nyanja yonse ya Indian Ocean, adamenya Madagascar, adalowa mu Mozambique, n'kubwerera kunyanja ngati munthu woiwala chipewa, kenaka n'kudzalowanso kachiwiri cha ku Quelimane pa 11 Malichi. Adakhala moyo masiku 36, ndipo a bungwe loona zanyengo padziko lonse adati m'mabuku awo mulibe namondwe wina amene adakhalitsa chomwechi. Kuno mvula idagwa usana ndi usiku osapuma, ndipo pofika Lolemba pa 13 Malichi mbali ya phiri la Soche inali itagumuka. Matope ndi miyala, ina yaikulu ngati minibasi, zidatsika n'kulowa m'nyumba za anthu osagogoda. M'dziko lonse anthu oposa 1,000 adapita, tikawerengera ndi amene mitembo yawo sidapezeke, ndipo oposa 600,000 adasowa pokhala. Nyumba yachisoni ya ku Queen Elizabeth idadzaza. Sukulu za Manja ndi Naotcha zidasanduka misasa.

Dzulo lake linali Lamulungu, mkati mwa nyengo ya Lenti. Ambiri mwa amene adakwiriridwa anali anthu opemphera: a kwaya, a Mvano, a mphakati, ana a Sande sukulu. Matope sadafunse khadi la ubatizo. Adatenga mkulu wa mpingo pamodzi ndi chidakwa, mayi wopereka chakhumi pamodzi ndi amene sadapondepo m'tchalitchi. Tsono funso limene ndikufuna tilingalire limodzi, abale anga, ndi ili: ngati chikhulupiriro sichidagwire phiri, chimagwira chiyani? Tikamati Chikhristu chimamulimbitsa munthu pamavuto, tikunena zoona, kapena tikungodzinyengerera ngati mwana woimba mluzu podutsa kumanda usiku?

Ndiyambe ndi kuchotsa panjira mitundu iwiri ya chikhulupiriro imene ndikuona kuti silimbitsa munthu, ngakhale ili ndi otsatira ambiri m'matauni mwathu muno.

Mtundu woyamba ndi chikhulupiriro cha inshuwalansi. Uku ndi kuganiza kuti munthu akapereka mokwanira, akasala kudya mokwanira, akagula kabotolo ka mafuta odzozedwa kapena chomata cha pachitseko, ndiye kuti wagula chitetezo. Matenda, ulova ndi imfa zidzalambalala nyumba yake. Aneneri ogulitsa malonda amenewa sasowa, pakuti kasitomala wawo wamkulu ndi mantha, ndipo mantha m'tauni muno ndi ambiri kuposa tomato pamsika wa Limbe. Vuto la chikhulupiriro chotere n'lakuti chimalimba dzuwa likamawala basi. Tsoka likafika, munthu amagwa kawiri: wataya mwana, watayanso Mulungu amene ankayesa kuti adapangana naye. Choipitsitsa n'chakuti chimabala nkhanza. Ngati chitetezo chimagulidwa ndi kupemphera, ndiye kuti amene adafa sadapemphere mokwanira. Mawu amenewa ndidawamva ndi makutu angawa m'minibasi, maliro asanathe n'komwe: "Kumenekuja kudachuluka machimo." Wonenayo nyumba yake idapulumuka chifukwa chakuti ili kutali ndi khwawa, koma iye adaona ngati ndi satifiketi ya chilungamo chake.

Makolo athu phiri likagumuka ankati Napolo wadutsa, chinjoka chokhala pansi pa phiri chikusamuka. Adatero ku Zomba mu 1946, adateronso ku Phalombe mu Malichi 1991 pamene phiri la Michesi lidakhuthula madzi ndi miyala n'kupha anthu mazanamazana. Malemu Steve Chimombo adamulembera ndakatulo zambiri Napoloyu. Ena angaseke nthano imeneyi, koma ili ndi chifundo chimodzi chimene aneneri ena a lero alibe: Napolo amangodutsa, ndipo wopezeka panjira yake ndi watsoka, osati wolakwa. Baibulo lenilenilo lili mbali ya chifundo chimenechi. Anzake a Yobu adakhala naye masiku 7 ali chete, ndipo pamenepo ndi pamene adachita bwino. Atangotsegula pakamwa n'kuyamba kumufufuza tchimo, Mulungu adawadzudzula. Yesu naye atakumbutsa anthu za nsanja ya ku Siloamu imene idagwera anthu 18, adakana kwamtuwagalu kuti anthuwo anali ochimwa kuposa anzawo. Tsono amene amaloza chala anthu a ku Chilobwe sakulankhulira Mulungu wa m'Baibulo. Akulankhulira mantha ake.

Mtundu wachiwiri ndi chikhulupiriro chotseka pakamwa. Ichi n'chofatsa, n'chaulemu, ndipo chimamveka bwino pamaliro: "Chinali chifuniro cha Mulungu, tisafunse zambiri." Ndikudziwa kuti ambiri onena mawuwa amanena ndi mtima wabwino, posowa china chonena pamaso pa mayi amene wataya ana atatu usiku umodzi. Koma mawuwa akachoka pasiwa n'kukafika m'maofesi, amasanduka bulangete lofunditsa milandu. Karl Marx, mkulu wa ku Germany uja, adafanizira chipembedzo ndi mankhwala ogonetsa ululu, amene amamupatsa wodwala tulo koma chilonda chili chinyekere. Akhristufe timakwiya tikamva zimenezi, koma tisanakwiye tiyang'ane phiri lathu.

Kodi ndi Mulungu amene adadula mitengo ya pa Soche? Ndi Mulungu amene adameta phiri la Ndirande mpala m'zaka za m'ma 1990? Ndi Mulungu amene ankagawa ndi kugulitsa mapuloti mpaka m'makwawa? Akuluakulu adati madzi saiwala khwawa, ndipo mu Januwale 2015 madziwo adali atachenjeza kale ku Chilobwe komweko, pamene adagwetsa nyumba n'kupha anthu. Patadutsa zaka 8 adangobwerera m'njira yawo yakale. Ndipo tisafulumire kuweruza omanga kumtunda. Munthu sakwera phiri ndi malata pamutu chifukwa chofuna kamphepo kayaziyazi. Amakwera chifukwa lendi yakumunsi yamukanika, puloti yovomerezeka mtengo wake ndi wa anthu ena, ndipo ganyu ali m'tauni, osati kumudzi. Wootcha makala naye ali ndi ogula, ndipo ogulawo ndi ife tomwe, makamaka kuyambira mu Januwale 2022 pamene namondwe wa Ana adaononga malo opangira magetsi a Kapichira n'kutisiya mumdima miyezi yambirimbiri. Mvula idachokera kumwamba, inde, koma njira ya matope tidalambula tokha: osauka chifukwa chosowa pogwira, olamula chifukwa choyang'ana kumbali. Kunena kuti zonsezi chinali chifuniro cha Mulungu ndi kumunamizira Mulungu mlandu wa anthu.

Ngati Chikhristu chikadakhala mitundu iwiri yokhayi, bwenzi nkhani yanga itathera pano, ndipo bwenzi Marx atapambana. Koma mbiri ya mzinda uno womwe ikutiuza zina.

Pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti, m'matchalitchi onse a Katolika m'dziko muno mudawerengedwa kalata ya maepiskopi. Achinyamata a lero sangamvetse kulemera kwa tsiku limenelo. Inali nthawi imene munthu ankatha kusowa chifukwa cha nthabwala ya m'bala, nthawi imene wolemba ndakatulo Jack Mapanje anali atangotuluka kumene ku Mikuyu, kumene adakhala kuyambira 1987 mpaka 1991 popanda kuzengedwa mlandu. Kalatayo idanena poyera za malipiro ochepa, za kusiyana kwa olemera ndi osauka, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa popanda mlandu, ndi za mantha amene adatseka pakamwa mtundu wonse. Arkiepiskopi James Chiona ndi anzake adaitanidwa n'kufunsidwa ndi apolisi kuno ku Blantyre. Boma lidati kupezeka ndi kalatayo ndi mlandu woukira. Nyumba yosindikizira ya Montfort ku Balaka idatenthedwa. Monsinyo John Roche wa ku Mzuzu adathamangitsidwa m'dziko muno. Koma mawu anali atatuluka kale, ndipo madzi akatayika saoleka. Mu Meyi ogwira ntchito ku David Whitehead adanyanyala, mzinda udawira, anthu adaomberedwa m'misewu ya Blantyre ndi Limbe. Mipingo ina, pamodzi ndi Asilamu, idalowa m'bwalo kudzera mu Public Affairs Committee, ndipo pa 14 Juni 1993 Amalawi adasankha matipate pa riferendamu.

Anthu amene adaima paguwa n'kuwerenga kalata ija anali ndi mantha ngati wina aliyense. Analibe mfuti, analibe lonjezo lakuti abwerera kunyumba amoyo. Chimene chidawaimika sichinali chitsimikizo chakuti zinthu ziwayendera bwino. Chinali chikhulupiriro chakuti pamwamba pa wolamula aliyense pali wina, ndi kuti munthu wosauka wa ku Bangwe ali ndi ulemu umene sudachokere ku chipani, choncho chipani sichingaulande. Ameneyu si munthu wogonetsedwa ndi mankhwala. Wogona saima. Apa ndi pamene ndimaona kuti kulimba kumene Chikhristu chimapereka si kwa mwala umene wangokhala phee, koma kwa munthu amene miyendo ikunjenjemera koma sakuthawa.

Kuti ndifotokoze bwino, ndibwereke chinthu chimene tonse timachiona tsiku ndi tsiku osachilabadira. Taonani amayi akuchokera kokatunga madzi, ndowa yodzaza ili pamutu, akutsika kanjira koterera ka m'mbali mwa phiri. Pakati pa mutu ndi ndowa pali nkhata, kansalu kopindidwa chabe. Nkhata sichepetsa madzi ngakhale dontho limodzi. Ndowa ikalemera makilogalamu 20, imalemerabe 20. Nkhata sifupikitsa njira, siumitsa matope. Koma chotsani nkhatayo muone ngati mayiyo afike pakhomo. Ine ndimati chikhulupiriro ndi nkhata. Sichichotsa katundu; chimachititsa kuti katunduyo asenzeke. Amene amalalikira kuti Mkhristu sasenza katundu akunama. Amene amati nkhata ilibe ntchito chifukwa ndowa ikulemerabe, sadasenzepo.

Taonaninso kuti mayiyo sakhazikika chifukwa choima. Khosi lake likugwedezeka pang'onopang'ono, chiuno chikutsata phazi, maso ali panjira. Kukhazikika kwake kuli m'kuyenda osataya madzi. Tikamapempha Mulungu kuti atikhazikitse, nthawi zambiri timafuna kuti atiumitse ngati chipilala, zinthu zisasinthe, mitengo ya zinthu isakwere, makolo asakalambe. Moyo wa mtundu umenewo kulibe. Tidatuluka mu Freddy tili kale mkati mwa kolera imene idapha anthu oposa 1,700, ndipo mu Novembala chaka chomwecho kwacha idagwetsedwa ndi 44 peresenti. Walira mvula walira matope, koma ife matope adatipeza tisanalire n'komwe. Pansi pamene tikuponda padzapitiriza kuterera. Funso ndi lakuti tifika bwanji pakhomo ndi madzi athu.

Nanga nkhata imeneyi idapindidwa ndi nsalu zanji? Ine ndikuonapo zitatu.

Yoyamba ndi chilolezo cholira. Anthu ena amaganiza kuti Mkhristu wolimba ndi amene salira, amene amamwetulira bokosi la mwana wake likutsika. Sindidziwa kumene adazitenga, pakuti Baibulo ladzaza ndi anthu olira, odandaula, ngakhale okangana ndi Mulungu maso ndi maso. Yobu adatemberera tsiku limene adabadwa. Yesu adalira pamanda a bwenzi lake, adachita mantha m'munda usiku womaliza, ndipo pamtanda adafuula ngati munthu wosiyidwa yekha. Pakati penipeni pa chipembedzo chimenechi pali munthu wosalakwa amene adafa imfa yowawa, mayi wake akuona. Choncho mayi wa ku Manja akamafunsa kuti, "Mulungu, munali kuti usiku uja?" sakuchimwa, akulankhula chilankhulo cha m'nyumba mwa Atate ake. Chikhristu sichimupatsa masamu ofotokoza chifukwa chake khoma lidagwera mwana wake osati wa mnzake. Chimamupatsa wina womufunsa funsolo, amenenso amadziwa kulawa kwa imfa. Kusiyana kwa kulira m'chipinda chopanda munthu ndi kulira pali wina womva ndi kwakukulu, ndipo ambiri apulumukira pa kusiyana kumeneko. Chisoni chosowa kolowera chimasanduka kachasu, chimasanduka chingwe.

Yachiwiri ndi manja a anthu. Ndowa yodzaza munthu sadzisenzetsa yekha. Pamafunika wina womukweza, ndipo pofika pamafunika wina womutula. Mutu umodzi susenza denga. M'matauni muno ambirife tidasiya abale kumudzi, ku Thyolo, ku Mulanje, ku Ntcheu, ku Mzimba. Amene amalowa m'malo mwa amalume ndi azakhali ndi a mlaga, a mphakati, a Mvano, a Dorika, a kwaya. Ndi amene amadziwa kuti pakhomo pakuti sipadafuke utsi masiku awiri. Ndi amene amachezera pasiwa kuimba mpaka tambala woyamba, kuti namfedwa asamve kulira kwa mtima wake wokha. Amene adakhalapo m'zaka za m'ma 1990, Edzi ikukolola achinyamata mankhwala otalikitsa moyo asanayambe kuperekedwa ulere mu 2004, akukumbuka amayi a m'mipingo amene ankayenda khomo ndi khomo kusambitsa odwala amene ngakhale abale awo ankawaopa. Akukumbukanso, tinene zoona, maguwa ena amene ankaponya miyala pa odwala omwewo. Mpingo umodzimodzi udatulutsa zonse ziwiri. Koma amene adamulimbitsa wodwala si wa paguwa uja. Ndi mayi wa beseni ndi sopo.

Pano wina anditsutsa, ndipo ali ndi mfundo. Adzati: kodi amene ankakumba matope ndi makasu, mafosholo ndi manja enieni pa Soche anali Akhristu okhaokha? Ayi ndithu. Munali Asilamu, munali anyamata a kabaza, munali ena amene Lamulungu limawapeza pa bawo. Palibe amene adafunsa mnzake mpingo asanamukoke m'matope. Umunthu udalipo m'dziko muno amishoni a ku Scotland asanamange msasa wawo ku Blantyre mu 1876, ndipo mwambi wakuti chaona mnzako chapita mawa chili pa iwe sudachokere m'katekisimu. Mkhristu amene amaganiza kuti chifundo ndi munda wake yekha sadawerenge bwino nkhani ya Msamariya uja, pakuti mwini nkhaniyo adasankha dala munthu wakunja kuti akhale chitsanzo. Chimene ndinganene n'chakuti chifundo cha tsiku la ngozi n'chosavuta kuchipeza. Chovuta ndi cha mwezi wachisanu ndi chimodzi, malole a thandizo atasiya kubwera, atolankhanife titapita kunkhani zina, misasa itatsekedwa. Pamenepo pamafunika chinthu chimene chimasonkhanitsa anthu sabata ndi sabata, kaya akufuna kaya sakufuna, n'kuwakumbutsa kuti wamasiye uja akadalipo. Mpingo ukakhala mpingo weniweni, ntchito yake ndi imeneyo: kusandutsa chifundo cha tsiku limodzi kukhala chizolowezi.

Ndipo chizolowezi tisachipeputse. Munthu amene wataya zonse amatayanso masiku. Lachiwiri ndi Lachisanu zimafanana, m'mawa ndi madzulo zimasakanikirana. Belu la Lamulungu, pemphero la madzulo, nyimbo imene adaiphunzira ali mwana ndipo pakamwa pamaimba pokha ngakhale mtima uli kutali, zimenezi ndi zikhomo zimene zimagwira tenti ya moyo mphepo ikamaomba. Ndamvapo anthu ophunzira akunyoza mapemphero oloweza pamtima, amvekere ndi mwambo chabe. Koma tsiku limene mutu waima, mawu ako atha, ndi mwambo womwewo umene umakunyamula. Freddy adafika mkati mwa Lenti, ndipo Pasaka adafikabe pa 9 Epulo, osachedwa ngakhale tsiku limodzi. Kwa munthu wogona m'kalasi pamodzi ndi mabanja ena khumi, kudziwa kuti pali kalendala ina imene namondwe sangaikokolole si chinthu chaching'ono.

Nsalu yachitatu ndiyo yovuta kuikamba, koma ndi imene ili pakatikati. Ndi chikhulupiriro chakuti munthu satayika. Pa 15 Malichi 2023 mabokosi adandandalikidwa ku Chilobwe pamwambo wa maliro umene adafikapo Lazarus Chakwera, amene anali Pulezidenti nthawiyo, ndipo dziko lidalira masiku 14. Amenewo ndi amene adapezeka. Koma pali mazana ena, kuno, ku Chiradzulu, ku Phalombe ndi ku Mulanje, amene adapita ndi matope osaonekanso. Kwa ife Amalawi, maliro opanda mtembo ndi bala losapola. Palibe manda okasesa, palibe pokaika nkhata ya maluwa, palibe poloza mwana kuti amako agona apa. Boma lili ndi chiwerengero, ndipo chiwerengero n'chofunika, koma chiwerengero sichidziwa kuti uyu ankakonda kuseka, uyu anali atangolemba kumene mayeso. Chikhristu chimanena chinthu cholimba mtima kwambiri pamenepa: kuti amene adzukulu sadamuike, Mulungu akudziwa pamene ali, ndipo akumudziwa ndi dzina. Munthu akhoza kukana kukhulupirira zimenezi, ndipo sindingamukakamize ndi umboni wa mu labotale. Koma ndaona chimene zimachita mwa okhulupirira. Zimamulola bambo amene adagwira mwana mmodzi n'kuphonya wina kuti asiye kudzizenga mlandu usiku uliwonse, pakuti mwana amene dzanja lake lidalephera kumugwira sadagwere m'chabe. Zimamulola kudzuka m'mawa n'kukasaka ganyu chifukwa cha amene watsala.

Tsono onani kumene nsalu yachitatuyi ikutifikitsa. Ngati munthu aliyense wa pa Soche ndi wodziwika ndi dzina pamaso pa Mulungu, ndiye kuti palibe amene ali wotchipa moti angasiyidwe kugona m'khwawa chifukwa chakuti alibe ndalama ya puloti. Chikhulupiriro chomwecho chimene chimatonthoza namfedwa ndi chimene chiyenera kusowetsa tulo khansala, phungu, a khonsolo ya mzinda, amfumu ogawa malo, ndi ife ogula makala. Chitonthozo ndi chidzudzulo zimachokera pa tsinde limodzi. Mukadula chimodzi, chinacho chimauma. Mpingo umene umadziwa kuika maliro mwaulemu koma sudziwa kufunsa chifukwa chake malirowo achuluka, wasenza theka la mtanda. Maepiskopi a 1992 sadasiye kupempherera akaidi, koma adafunsanso kuti akaidiwo adalakwa chiyani.

Fanizo lija la anthu awiri omanga nyumba, wina pathanthwe wina pamchenga, timakonda kuliimba ndi ana, koma timaiwala zinthu ziwiri. Choyamba, mvula ndi mphepo zidamenya nyumba zonse ziwiri. Womanga pathanthwe sadalonjezedwe nyengo yabwino. Chachiwiri, mwini fanizolo adati womanga pathanthwe ndi munthu amene amamva mawu n'kuwachita. Thanthwe lake si mwala wa pa Soche, umene taona kuti umatha kuyenda. Ndi moyo umene kumva ndi kuchita zagwirana. Kwa ife lero, kuchitako kuli ndi maina ake odziwika: kubzala mitengo paphiri n'kuisamala kufikira itakula, osati kungojambulitsa tsiku lobzala, kumvera chenjezo la azanyengo m'malo monena kuti ine ndine mwana wa Mulungu sindisamuka, kutsegula zitseko za tchalitchi mvula isanafike poipa, osati mitembo itayamba kutuluka, kufunsa olamula, mwaulemu koma mosatopa, kuti malo abwino osamukirako anthu ali kuti, popeza ena adabwerera kumtunda komwe kuja chifukwa chosowa kolowera. Ambiri timakwera mapiri athuwa kukapemphera usiku wonse. N'zabwino. Koma phiri limene timagwadapo likadakhala ndi pakamwa, bwenzi litatifunsa kuti pobwera ulendo wina titengeko mbande.

Sindikulemba izi ngati munthu amene nkhata yake siterereka. Alipo masiku amene pemphero limakhala ngati kulankhula m'chitini chopanda kanthu, ndipo aliyense wopemphera moona mtima amawadziwa masiku amenewo. Koma pamene ndaima ndi apa: chikhulupiriro chimene chimalonjeza kuti phiri silidzasuntha chidakwiriridwa pa 13 Malichi 2023, ndipo tisachifukule. Chimene chidatsala n'chocheperapo pochiona, koma n'cholimba: chimamulola munthu kulira osasweka, chimamupatsa anzake omusenzetsa ndi omutula, chimamuuza kuti wake amene adapita sadatayike, kenaka chimamutuma kuti akatseke njira imene imfa idalowera.

Mvula idzabweranso, pakuti ndi imene imatipatsa chimanga, ndipo tidzaipempha ndithu. Mitambo ikadzayamba kuunjikana pamwamba pa Soche, ana amene adaona usiku uja adzayang'ana nkhope zathu kuti adziwe ngati ayenera kuopa. Tisadzawanamize kuti phiri silisuntha. Adaliona okha likuyenda. Tidzawauze kuti likasuntha sadzakhala okha, ndipo mawu amenewo adzawakhulupirira pokhapokha akadzaona kuti, pakati pa mvula yapita ndi ikubwerayo, tidachitapo kanthu ndi manja omwewa amene timapempherera.